Za Madzi a m'Maenje Okumbamo Miyala ya Mseu

Kwa inu akulu, eni mabanja ndi eni minda a ku Chitala ndi midzi yoyandikana nayo.

Ndifuna kukamba nanu za mlandu umene ufika pa mudzi mwakachetechete, koma ukafika ukhala zaka zambiri osachoka. Tsiku lina afika alendo pa galimoto, nayendayenda m'thengo ndi m'minda, nakumba timaenje toyesera, ndipo potsiriza anena kwa mfumu ndi kwa mwini munda kuti, Pano pali miyala ya lubwe yabwino, tifuna kukumba ya mseu. Pomwepo anthu asonkhana, nakangana tsiku lonse za ndalama, za mitengo ya mango imene idzagwetsedwa, ndi za anyamata amene adzalembedwa nchito. Koma za madzi palibe afunsa. Maganizo anga ndi awa: mwini munda asalole khasu kapena katapila kukhudza nthaka yache kufikira atapangana ndi okumbawo, pa kalata ndi pamaso pa mboni, za kumene madzi a m'dzenjemo adzachokera, kumene adzatayidwa, ndi chimene chidzatsala iwo atachoka. Ndalama za dzenje zitha mwezi umodzi, koma dzenjelo adzalipeza adzukulu anu.

Musayese kuti ndidana ndi mseu. Dziko lathu lino la kunyanja liri ndi makande ambiri, amene auma ngati mwala m'chirimwe nasanduka phala m'dzinja, ndipo mseu womangidwa pa makande okha sukhalitsa. Njanji imene idafika ku Salima m'chaka cha 1935, ndi ina ija yokwera ku Lilongwe imene idatha mu 1979, ndi mseu wa M5 wonka ku Nkhotakota, ndi wa M14 wonka ku Lilongwe, zonsezi zidafuna dothi lolimba ndi miyala, ndipo zidatengedwa m'nthaka ya anthu. Thonje, mtedza ndi mpunga wanu sizifika ku msika popanda mseu. Chotero kukumba kuyenera kuchitika ndithu. Chimene nditsutsa ndicho kukumba kosasamala madzi.

Kumene madzi a m'dzenje achokera

Madzi alowa m'dzenje ndi njira zitatu. Yoyamba ndiyo mvula yogwera momwemo. Taŵerengani nane: mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ipereka lita imodzi ya madzi. Ekala imodzi iri ndi malo otere pafupifupi 4,000. Tsono mvula yamphamvu ya mamilimita 50, yonga imene igwa usiku umodzi mu Januwale kapena Febuluwale, ithira malita 200,000 m'dzenje la ekala imodzi, ndiwo zigubu 10,000 za malita 20.

Njira yachiŵiri ndiyo madzi othamanga pamwamba pa nthaka kuchokera kumtunda. Awa kaŵirikaŵiri aposa oyamba aja, pakuti dzenje liri m'munsi mwa chitunda lilandira mvula ya minda yonse ya pamwamba pache. Makolo anu adanena kuti madzi saiŵala khwaŵa, ndipo dzenje lokumbidwa pa njira ya madzi lidzadzala chaka ndi chaka.

Njira yachitatu ndiyo yobisika, ndiyo madzi a pansi pa nthaka, omwewo amene mutunga m'zitsime zanu. Okumba akazamitsa dzenje kufikira pamene madziwo aima, ayamba kutuluka m'mbali ndi pansi, ndipo angakhale awapope chotani, ena abwera. Apa ndipo pagona mlandu waukulu.

Pampu ya m'dzenje ndi chitsime cha pa mudzi

Mudziŵa inu nonse kuti mukafukula kadzenje pa mchenga wa mtsinje wouma, madzi atuluka okha, ndipo mukawatunga ndi chikho ena abwera kuchokera m'mbali. Mudziŵanso kuti mnzanu akafukula kache pafupi ndi kanu, nakazamitsa koposa, natunga kosaleka, kanu kaphwa. Chomwecho chichitika ndi dzenje lalikulu. Pampu ikamatulutsa madzi, madzi a m'nthaka yozungulira atsetserekera ku dzenjelo, ndipo msinkhu wao utsika, kwambiri pafupi ndi dzenje, pang'ono kutali, monga maonekedwe a mbale. Chitsime chiri chonse chokhala m'kati mwa mbaleyo chitsika nacho. Mfalansa wina dzina lache Henry Darcy, amene adakonza madzi a mzinda wa Dijon, adaonetsa mu 1856 kuti kuyenda kwa madzi m'mchenga kutsata zinthu ziŵiri: kutsetsereka kwa madziwo, ndi kumasuka kwa nthaka imene apitamo. Ndiko kunena kuti m'makande, momwe madzi ayenda mobvutika, mbale ija ikhala yaing'ono, koma m'mchenga ndi m'nsangalabwi itambasuka kutali. Ndipo nsangalabwi ndizo zimene okumba afuna.

Tiyeni tiŵerengenso. Pampu yaing'ono ya petulo, ya paipi ya mainchesi 2, ikhoza kutulutsa malita 500 pa mphindi imodzi. Ikagwira maora 8 yatulutsa malita 240,000. Mudzi wa anthu 250, munthu ali yense akatunga chigubu chimodzi cha malita 20 pa tsiku, utunga malita 5,000. Chotero pampu imeneyi itaya pa tsiku limodzi madzi amene mudziwo ukadamwa masiku 48. Mjigo wozama kwambiri kapena sudzamva kanthu, koma zitsime zokumba ndi manja, ndi zitsime za ku dimba, ndizo ziyamba kuphwa, ndipo amai ndiwo ayamba kudziŵa, pakuti chingwe cha ndowa chiwafupikira.

Pakubuka mlandu wotere okumba adzati, Chitsime chanu chaphwa ndi dzuŵa, si ife ai. Ndipo mau ao adzakhala ndi mphamvu, popeza zitsime zonse zitsika kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Novembala, ngakhale palibe wokumba. Chifukwa chache ndikupemphani muchite ichi asanayambe nchito: tengani chingwe, mumange mwala ku nsonga yache, muyese kuchokera pa mlomo wa chitsime kufikira pa madzi, mamaŵa anthu asanatunge. Lembani muyesowo ndi tsiku lache m'buku, pamaso pa mphunzitsi kapena mlangizi. Chitani chomwecho sabata ndi sabata, pa chitsime cha pafupi ndi dzenje ndi pa china cha kutali ndithu. Zikatsika zonse ziŵiri mofanana, ndi dzuŵa. Chapafupi chikatsika msanga koposa chinzache, bukulo lidzakunenerani mlandu.

Kumene madzi opopedwa apita

Madzi otuluka m'dzenje lokumbidwa sali oyera, ali ndi matope, ndipo nthaŵi zina mafuta a dizilo ndi oilo otayika ku makina. Pa mudzi wina ndidaona paipi itangogonekedwa pa mlomo wa dzenje, madzi nathamangira m'munda wa m'munsi. Pofika mwezi wa Febuluwale mizere inali itafafanizika, chimanga chitachita chikasu chifukwa mizu yache inasoŵa mpweya, ndipo pakati pa munda panali ngalande yoti munthu aimiriramo kufika m'chuuno. Mwini mundawo sadalandire kanthu, pakuti dzenje silinali pa nthaka yache, ndipo pa tsiku la kupangana sadaitanidwe. Mwini dzenje adalandira ndalama, mnansi wache nalandira matope.

Matopewo saima pa munda umodzi. Atsikira ku mtsinje, nakwirira maiŵe momwe ng'ombe zimamwa, napitirira kufikira ku nyanja. Asodzi adziŵa umo madzi ofiira a Linthipe amafikira m'dzinja ku zilumba za Maleri, zimene ziri m'kati mwa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, okhazikitsidwa mu 1980. Matope akakuta miyala, ndere zimene nsomba za mbuna zidya sizimera bwino. Ambiri a matope amenewo achokera m'minda yosatetezedwa, ndi zoona, koma sikuyenera kuti dzenje la mseu liwonjezepo ache.

Mankhwala a bvuto ili sali a mtengo wapatali. Tengani botolo, muthiremo madzi a m'dzenje, mukhutchumule, nimuliike pansi. Mchenga ukhala pansi musanathe kuŵerenga kufikira 30. Dothi losalala litsika pa maora angapo. Dongo lenileni litenga tsiku kapena masiku. Chotero madzi afuna malo opumirapo asanamasulidwe. Wokumba wosamala akumba maiŵe aŵiri kapena atatu otsatana kunja kwa dzenje, kuti madzi aloŵe m'loyamba, nasefukire pang'onopang'ono m'lachiŵiri kupyola pa miyala yoyalidwa, natuluke pa udzu wa vetiva kapena nsenjere, wosathamanga. Loyambalo alikokolola likadzala matope. Madzi otere akayera akhoza kuthirira dimba, kuumbira njerwa, kapena kuthiridwa pa mseu kuti pfumbi lisaloŵe m'nyumba. Ndipo maiŵewo akakhala pakati pa dzenje ndi zitsime za mudzi, madzi ena aloŵanso pansi nabwezera chimene pampu idatenga.

Makumbidwe a munthu wanzeru

Koma kuposa kupopa bwino ndiko kusafuna kupopa. Pali zinthu zisanu zimene mungathe kuziona ndi maso anu, ndipo mukhoza kuzifunsa.

Choyamba, akumbe ngalande kumtunda kwa dzenje asanayambe, yopatutsa madzi a m'minda kuti alambalale, natsikire ku khwaŵa lao lakale pa malo oyalidwa miyala. Chachiŵiri, dothi la pamwamba, lakuda lija la chonde, aliunjike pa lokha kumbali, osalisanganiza ndi la pansi ndipo osalinyamula, popeza ndilo lidzabwezeretsa munda. Chachitatu, akumbe m'chirimwe, pamene madzi a pansi atsika ndipo mvula kulibe. Chachinai, asazamitse kufikira madzi a pansi, koma akaona chinyezi chituluka aleke, nafutukule m'mbali. Kuli bwino dzenje lotakata losazama koposa lopapatiza lozama. Chachisanu, pansi pa dzenje pakhale potsetsereka kuloza ku ngodya imodzi, kuti madzi a mvula asonkhane pamodzi, ndipo ngati dzenje liri pa chitunda, mbali ya kumunsi ikhale yotseguka kuti madzi atuluke okha. Mafuta ndi makina zikhale kutali ndi ngodya imeneyo.

Zonsezi zichedwetsa nchito pang'ono, ndipo chifukwa chache sizichitika pokha pokha popanda wozifunsa.

Mau akuti, Tisiyireni dziŵe

Tsopano ndifika pa mau amene ndisiyana nao ambiri a inu. Nchito ikatha, kaŵirikaŵiri ndi anthu a pa mudzi eni ache amene anena kwa okumba, Musakwirire, tisiyireni, ng'ombe zathu zidzamwamo. Okumba akondwa kumva chotero, popeza kukwirira kudya mafuta ndi masiku. Ndipo sindinena kuti mau anuwo ndi opusa. Agogo anu adasimba za njala ya 1949, ndipo inu nomwe mudaona chilala cha 2024, pamene boma lidalengeza za tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Munthu wodziŵa ludzu sataya madzi.

Koma walira mvula walira matope. Tapenyani maenje osiyidwa amene muwadziŵa. Ambiri adzala mu Januwale, pamene madzi ali ponseponse ndipo palibe awafuna, naphwa pofika Julayi kapena Ogasiti, pamene mukadawafuna. Pansi pa nsangalabwi madzi sakhalitsa, ndipo madzi osazama dzuŵa la kunyanja liwamwa msanga. Chotero phindu lache lichepa, koma zoipa zache zifika zonse.

Choipa choyamba ndi imfa ya ana. Dzenje la katapila liri ndi makoma oima, ndipo madzi a matope abisa kuya kwache. Mwana wobusa mbuzi aterereka pa dongo, nasoŵa pogwira. Chachiŵiri ndi malungo. Kuyambira 1897, pamene Ronald Ross adapeza kachirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu ku India, tidziŵa kuti nthendayi idza ndi udzudzu, ndipo mtundu umene ufalitsa malungo koposa muno mu Africa ukonda madzi osazama owombedwa ndi dzuŵa, onga a m'mapazi a ng'ombe ndi m'mikwasa ya matayala. M'nyengo yotentha dzira lisanduka udzudzu wouluka pa masiku 7 kufikira 10 okha. Chachitatu ndi likodzo, limene nyongolotsi yache adaipeza Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851. Mwana wodwala akakodzera m'dziŵe, mazira aswa, tizirombo tiloŵa mu nkhono za m'madzi, tichuluka m'menemo, ndipo tituluka kudzaboola khungu la ali yense wosamba kapena wochapa. Chachinai ndi nthenda za m'mimba, pakuti madzi okhala pafupi anthu adzawamwa ndithu, angakhale muwaletse. Kumbukirani kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo midzi ya kunyanja siidapulumuke.

Chifukwa chache nditi pali njira ziŵiri zokha zoyenera, ndipo musankhe imodzi katapila asanachoke. Njira yoyamba ndiyo kutseka: makoma agumulidwe akhale otsetsereka, mapazi atatu cham'mbali pa phazi limodzi la kutsika, madzi apatsidwe potulukira, dothi lakuda lija liyalidwenso pamwamba, ndipo mubzalemo vetiva, nsangu ndi mitengo ya nkhuni. Zaka zoyamba mubzale nandolo kapena mtedza ndi kuthira manyowa, musayembekeze chimanga chambiri msanga.

Njira yachiŵiri ndiyo kupanga damu lenileni, monga achitira alimi a ku Tigray m'dziko la Ethiopia ndi a ku Makueni m'dziko la Kenya, amene asandutsa maenje a mseu kukhala nkhokwe za madzi. Koma damu lifuna nchito. Likhale kutali ndi nyumba ndi njira ya ana a sukulu. Pansi pache payalidwe makande ndi kutsenderedwa ndi makina kuti madzi asaloŵe pansi. Pakati pakhale pozama mamita 2 kapena kuposa, timaenje tonse ta m'mbali tikwiriridwe, pakhale potulukira madzi osefukira poyalidwa miyala, ndi mpanda wa khonje kapena minga wokhala ndi khomo limodzi. Ng'ombe zimwere m'mwera wa kunja kwa mpanda. Muikemo makumba kapena chilunguni, muzichotsa udzu wa m'mphepete momwe nkhono ndi mphutsi za udzudzu zibisala, ndipo asasambemo munthu kapena kumwamo. Damu la mamita 30 m'litali, 20 m'lifupi ndi 2 kuya lisunga malita 1,200,000. Tinene kuti theka litha ndi dzuŵa ndi kuloŵa pansi, atsala malita 600,000. Dimba la gawo limodzi la magawo anai a ekala, lothiriridwa malita 5 pa mita iri yonse tsiku ndi tsiku kwa masiku 90, lifuna malita 450,000. Onani tsono kuti damu lotere likwanira dimba limodzi laling'ono, osati mudzi wonse. Ngati palibe munthu wodziŵika ndi dzina amene abvomera kulisamala chaka ndi chaka, tsekani.

Lamulo liri kumbali yanu

Ena aopa kufunsa, poyesa kuti nchito ya mseu ndi ya boma ndipo munthu wamba sayankhapo. Si chomwecho. Lamulo la madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndipo liti madzi a pakhomo munthu atunga popanda chilolezo, koma wotunga madzi a nchito yaikulu, kapena wotayira madzi oipa mu mtsinje, ayambe watenga chilolezo. Lamulo losamala chilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, ndipo lifuna kuti nchito zazikulu ziyambe zaunikidwa umo zidzakhudzira nthaka, madzi ndi anthu. Miseu yaikulu iyang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, ndipo ku ofesi ya Bwanamkubwa ku Salima kuli woyang'anira za chilengedwe, amene mungathe kumfikira. Kufunsa wokumba kuti akuonetseni makalata ache si chipongwe.

Tsono pa tsiku la kupangana muitane mfumu, eni minda ya kumunsi, ndi amai otunga pa zitsime za pafupi, pakuti mutu umodzi susenza denga. M'kalatamo mulembe malire a dzenje, okhomedwa zikhomo, ndi kuya kwache. Mulembe kumene dothi lakuda lidzasungidwa, kumene ngalande ndi maiŵe oyeretsera adzakhala, ndi kumene paipi idzathira. Mulembe chimene wokumba adzachita chitsime chikaphwa kapena munda ukakwiririka. Mulembe umo dzenje lidzasiyidwira, ndi kuti makina sadzachoka mfumu ndi mwini munda asanayendere malowo nabvomera. Kalatayo ikhale itatu: ina kwa inu, ina kwa mfumu, ina kwa wokumba.

Mphamvu yanu iri pa tsiku limene iwo afuna miyala ndipo inu simunalole. Lole yotsiriza ikatuluka, mau anu adzangotsata pfumbi lache. Chotero musafulumire kulandira ndalama. Yesani zitsime zanu sabata lomwe lino, ngakhale alendowo sanafike, nimuŵerengere mau awa anzanu osadziŵa kuŵerenga.

Tsalani bwino. Ndine bwenzi lanu,
Mlangizi wa za Ulimi.